Mapiko opachikidwa pamwamba pa kama

M'chaka cha 1871 ku England kunatuluka buku lotchedwa The Coming Race. Analilemba ndi Edward Bulwer-Lytton, mkulu amene anakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo komanso nduna yoyang'anira mayiko olamulidwa ndi Britain. Nkhani yake ndi ya mnyamata wa ku America amene analowa mumgodi n'kukatulukira kudziko la pansi pa nthaka, kwa anthu otchedwa Vril-ya. Akazi a kumeneko ndi aatali ndi amphamvu kuposa amuna, ndiwo amazama kwambiri m'maphunziro, ndipo ndiwo amafunsira. Anthu ake amavala mapiko n'kumauluka. Koma tsiku la ukwati likafika, mkazi amavula mapiko ake n'kuwapachika ndi manja ake omwe pamwamba pa kama, osadzawavalanso pokhapokha banja litatha kapena mwamuna atamwalira. Mtsogoleri wa dzikolo, amene amamutchula kuti Tur, ndi mwamuna.

Mlembiyu ankadziwa bwino zimene mwamuna wa nthawi yake akanatha kumuchita mkazi wokana kuvula mapiko. Mu 1858 mkazi wake Rosina, amene anali atapatukana naye kalekale, anakamuyalutsa pamsonkhano wa chisankho ku Hertford. Posakhalitsa Rosina anatsekeredwa m'nyumba yosungira odwala misala, ndipo anatulutsidwa patapita milungu yochepa, nyuzipepala zitachita phokoso.

Mapiko amenewa sandichoka m'mutu ndikamawerenga mabuku ena a mtundu umenewu a zaka za m'ma 1800. Ndikunena mabuku a nkhani zopeka zonena za zinthu zimene sizinaonekepo: wina wagona n'kudzuka patapita zaka mazanamazana, wina wapezeka pa Mars, wina wasochera n'kukafika kwa anthu amene palibe anawamvapo. Alembi ake, amuna ndi akazi omwe, sankavutika kwenikweni kuganizira mkazi atakhala pampando wolamula. Chimene chinkawakanika ndi kuganizira mkazi wapabanja, wa mwana kumsana, ali pampandopo. Pafupifupi buku lililonse limamulipiritsa mkaziyo kanthu. Wina amalipira ndi ukwati, wina ndi zovala zake ndi dzina lake, wina ndi amuna onse a m'dziko, wina ndi moyo wake.

Gwero lake lili m'malamulo a nthawiyo. Ku England mkazi akakwatiwa, iye ndi mwamuna wake ankasanduka munthu mmodzi pamaso pa lamulo, ndipo munthu mmodziyo anali mwamunayo. Ndalama zimene mkazi wazikhetsera thukuta zinali za mwamuna mpaka lamulo la 1870, ndipo panafunika lamulo lina la 1882 kuti mkazi wapabanja akhale ndi katundu wakewake mokwanira. Lamulo la chisankho la 1832 linalemba poyera kuti ovota ndi amuna. Mu 1867 phungu John Stuart Mill anapempha kuti mawu oti "mwamuna" achotsedwe, palowe mawu oti "munthu", koma omuvomereza anali 73 pamene okana anali 196. Ngakhale pakati pa omenyera ufulu wa akazi panali kugawikana pa nkhani ya ukwati yomweyi. Ena ankati tiyeni tipemphere kaye mbeta ndi akazi amasiye okhala ndi katundu, a pabanja adikire, popeza otsutsa ankati mkazi wapabanja akavota ndiye kuti mwamuna wake wavota kawiri, apo ayi m'nyumba mubuka nkhondo. Bungwe la Women's Franchise League, momwe munali Emmeline Pankhurst, linakhazikitsidwa mu 1889 pokana kusiya akazi apabanja kunja.

Nthawi yonseyi, kuyambira 1837 mpaka 1901, pampando wachifumu panali mkazi, Victoria, amene anakwatiwa mu 1840 n'kukhala mayi wa ana 9. Koma ufumu wake unali wolowa mwa magazi, ndipo boma ankayendetsa ndi nduna zachimuna. Mwiniwakeyo m'kalata ya mu 1870 ananena kuti nkhani ya ufulu wa akazi ndi misala komanso uchitsiru woipa. Choncho wolemba nkhani za moyo wa tsiku ndi tsiku sakanatha kuika mkazi m'Nyumba ya Malamulo owerenga n'kukhulupirira. Wofuna kufunsa kuti "nanga akazi atalamula zingakhale bwanji?" ankayenera kusamutsira nkhani yake kutsogolo kapena kudziko losadziwika. N'chifukwa chake mkangano wa voti, katundu ndi ukwati unakachitikira kwambiri m'mabuku amene ena ankawayesa ongotayitsa nthawi.

Mary Shelley, mwana wa Mary Wollstonecraft amene mu 1792 analemba buku lotchuka loteteza ufulu wa akazi, sanapite patali pa nkhaniyi. Mu The Last Man, la mu 1826, England wa m'tsogolo wathetsa ufumu, koma opikisana pa mpando wa mtsogoleri onse ndi amuna, ndipo mayi wofuna mphamvu, amene anali mkazi wa mfumu yotula pansi udindo, amayesa kuzipeza kudzera mwa ana ake. Patangopita chaka, mtsikana wina wamasiye dzina lake Jane Webb, pofuna ndalama zodzithandizira, anatulutsa The Mummy!, nkhani ya m'chaka cha 2126. M'menemo England akulamulidwa ndi mafumu aakazi okhaokha, ndipo akazi olemekezeka akuvala mathalauza. Koma lamulo likuti mfumukazi ikhale yosakwatiwa. Mtengo wa mpando uja unayamba kuonekera pamenepa, Victoria asanalowe n'komwe ufumu.

Amene anaigwira nkhaniyi pakhosi, mwa onse amene ndawawerenga, ndi Annie Denton Cridge wa ku America, m'kabuku kake ka mu 1870 kotchedwa Man's Rights. Or, How Would You Like It? Iye sanayambire ku nyumba yachifumu. Anayambira pamoto. M'maloto otsatizanatsatizana, wosimba nkhani akufika kudziko kumene amuna ndiwo amaphika, kuchapa, kusesa ndi kulera, nkhope zili zofota ndi kutopa, mwana ali m'manja uku mphika ukupserera. Akazi ndiwo oweruza milandu ndi opanga malamulo, ndipo amabwera madzulo n'kupeza chakudya chili patebulo. Amuna akachititsa msonkhano wopempha ufulu wawo, amauzidwa mawu omwewo amene akazi a ku America ankauzidwa: thupi lanu ndi lofooka, malo anu ndi pakhomo, ndale zingakuwonongereni ulemu. Kwathu kuno mawu ake timawadziwa, aja oti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Cridge anangotembenuza ngoloyo kuti mwamuna amve mmene mawuwo amapwetekera. Chimene ndimamulemekeza nacho n'chakuti sanathere pa kuseka. Anafunsa funso limene alembi otchuka ankalilambalala, lakuti ngati onse awiri apita ku ntchito za boma, aphike ndani? Yankho lake linali makhitchini akuluakulu a makina ophikira mabanja ambiri nthawi imodzi, ndi malo ochapirako a onse. Mukhoza kutsutsa yankholo, koma iye anaona kuti munthu amene tsiku lake lonse lathera pa mafuwa sangakhale ndi nthawi yokakhala m'Nyumba ya Malamulo, ngakhale mutamupatsa voti.

Mary E. Bradley Lane anadula mfundo yonseyo ndi mpeni. Buku lake Mizora linayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya ku Cincinnati mu 1880 ndi 1881. Vera Zarovitch, mayi wolemekezeka wa ku Russia amene anathamangitsidwira ku Siberia, akuthawa cha kumpoto kwenikweni kwa dziko n'kukalowa m'dziko la mkati mwa nthaka. Kumeneko kulibe umphawi, kulibe ndende zodzaza, sukulu ndi zaulere, aphunzitsi ndiwo anthu olemekezeka koposa, chakudya chimapangidwa mwa sayansi ndipo ntchito zapakhomo zimagwiridwa ndi makina. Patapita nthawi Vera akuzindikira kuti sanaone mwamuna ngakhale mmodzi. Akumuuza kuti kalekale, nkhondo yapachiweniweni ndi utsogoleri wa katangale zitasakaza dziko, akazi analanda boma, anachotsa amuna m'maudindo, kenako anapeza njira yoberekera popanda mwamuna, ndipo amuna anatha okha. Mayi akhoza kulamula ndithu m'dziko la Lane, popeza mwamuna woti amugonjere kulibe.

Koma pali china chimene wowerenga wa khungu lakuda sangachilumphe. Akazi onse a ku Mizora ndi oyera, a tsitsi lofiirira ngati golide, ndipo Vera akafunsa za anthu a khungu lakuda amene akuwaona pa zithunzi zakale, akuuzidwa kuti mtundu umenewo unachotsedwa. Vera akudabwa n'kukayikira pang'ono, koma bukuli silikudzudzula zimenezi. Zimandiwawa chifukwa mlembi yemweyo amene anamva kuwawa kwa kutsekeredwa kunja chifukwa cha chibadwa chake anatsekera ena kunja chifukwa cha chibadwa chawo, mpaka kuwafafaniza.

Otsutsa nawo ankalemba. Walter Besant, mlamu wake wa Annie Besant amene anali womenyera ufulu wa akazi wodziwika bwino, anatulutsa The Revolt of Man mu 1882, chaka chomwecho cha lamulo la katundu wa akazi apabanja. England wake wa m'tsogolo ali m'manja mwa nyumba ya malamulo ya amayi olemekezeka, chipembedzo chasanduka cholambira Mkazi Wangwiro, mafakitale ndi njanji zafa, ndipo amayi okalamba audindo amadzisankhira anyamata oti awakwatire. Mnyamata wina, Lord Chester, amene gogo wina wamphamvu akumufuna, akutsogolera amuna kuukira, ndipo zonse zikubwerera mwakale. Chochititsa chidwi n'chakuti womuphunzitsa mwamseri mbiri ya nthawi imene amuna ankalamula ndi mkazi, pulofesa Dorothy Ingleby. Besant ankafuna kunena kuti mkazi wanzeru zenizeni amadziwa yekha kuti mpando si wake. Koma taonani chimene chinamuopsa: ukwati wokakamiza pakati pa wachikulire wachuma ndi wachinyamata wosauka, kumanidwa sukulu, kusowa chonena pa katundu. Zonsezi n'zimene atsikana a ku England ankakumana nazo tsiku ndi tsiku. Anangoziona kuti n'zoopsa zitagwera mnyamata.

Buku limene linagulidwa kwambiri mwa onsewa pa nkhani ya mkazi wolamula ndi She la H. Rider Haggard, la mu 1887, ndipo limatikhudza ife mwapadera chifukwa nkhani yake anaiika kufupi ndi kwathu. Azungu a m'bukumo akutsikira pagombe la kum'mawa kwa Africa, kumpoto kwa pamene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja yamchere, n'kulowa kumtunda. Kumeneko akupeza anthu opeka otchedwa Amahagger, amene amawerenga mtundu kutsata kwa mayi ndipo mkazi ndiye amasankha mwamuna. Wowalamula ndi Ayesha, mkazi woyera khungu amene wakhala ndi moyo zaka zoposa 2,000, amene mawu ake sabwezedwa. Haggard anagwirapo ntchito ya boma la atsamunda ku Natal ndi ku Transvaal, ndipo analipo pamene Britain inalanda Transvaal mu 1877.

Chimene anachita ndi mwambo wotsata kuchikazi n'chomvetsa chisoni. Anaupereka kwa anthu odya anzawo, ngati chizindikiro cha dziko lotembenuzika. Nkhalamba ina ya Amahagger, Billali, ikufotokoza kuti amuna amawalemekeza akazi mpaka pamene afika potopetsa, ndiyeno pakapita mibadwo iwiri amadzuka n'kupha amayi okalamba kuti achitsikana atengerepo phunziro. Mchewa wowerenga zimenezi amadziwa kuti kumpoto kwa Zambezi kunalidi, ndipo kulipobe, anthu otsata kuchikazi, ndipo moyo wawo sufanana ndi zimenezi m'pang'ono pomwe. Amadziwa mbumba, amadziwa chikamwini, amadziwa kuti ufumu umalowedwa ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu. Amadziwa za Nyangu, mayi wa banja lachifumu la a Kalonga, ndi za Makewana wa ku kachisi wa mvula ku Msinja. Amadziwanso kuti kutsata kuchikazi sikutanthauza kuti akazi ndiwo amalamula zonse, pakuti mwinimbumba amakhala atsibweni. Ndi dongosolo la anthu enieni, lokhala ndi ubwino wake ndi mikangano yake, limene mkazi wapabanja sataya munda wake chifukwa chakuti wakwatiwa. Pa mfundo imeneyo yokha, mayi wa m'mudzi wa chikamwini anali ndi chimene mayi wa ku London anachipeza mu 1882.

Mantha enieni a bukuli akuonekera pamene Ayesha akunena kuti apita ku England ndi wokondedwa wake Leo, akachotse mfumukazi n'kulamula. Wosimba nkhani, Holly, akuona kuti mkaziyu angathedi kutenga ufumu wonse wa Britain, mwinanso dziko lonse lapansi. Ulendowo sukuchitika. Ayesha akulowa kachiwiri m'lawi la moto limene linamupatsa moyo wautali, ndipo zaka zake zonse zikumugwera nthawi imodzi, akufota, akuchepa mpaka kufa pamaso pa amuna aja. Haggard anapanga mkazi wamphamvu kuposa wina aliyense m'mabuku a nthawi yake, anamukonda moonekeratu, koma sanamulole kufika pagombe la kwawo.

Edward Bellamy, mu Looking Backward la mu 1888, anayesa njira ina. Julian West wa ku Boston akugona mu 1887 n'kudzuka m'chaka cha 2000, kumene aliyense amagwira ntchito m'gulu limodzi la dziko lonse ndipo amalandira gawo lofanana, mkazi ndi mwamuna chimodzimodzi. Mfundo yoti mkazi asadalire thumba la mwamuna inali yaikulu, ndipo inakopa akazi ambiri kulowa m'magulu oposa 150 amene anabadwa chifukwa cha bukuli. Apa ukwati sukhala chopinga, chifukwa maudindo apamwamba a akazi amaperekedwa kwa okhawo amene anakwatiwapo n'kubereka. Komabe akaziwo ali ndi gulu lawolawo, la ntchito zopepuka, ndi mtsogoleri wawo wamkazi amene amakhala nawo m'nduna za pulezidenti ndipo akhoza kukana mfundo zokhudza ntchito za akazi basi. Mayi wapatsidwa mpando, koma mpandowo auika kuseri, kumene amakambirana za amayi anzake.

Mu June 1889 magazini ya Nineteenth Century inasindikiza kalata yopempha kuti akazi asapatsidwe voti, yosainidwa ndi akazi 104 otchuka, motsogozedwa ndi mlembi Mrs Humphry Ward. Mtolankhani wina wa ku Newcastle, Elizabeth Burgoyne Corbett, anapsa mtima ndipo chaka chomwecho anayankha ndi buku, New Amazonia. Likuyamba ndi mkwiyo wake pa kalatayo, kenako wosimba nkhani akugona n'kudzuka ku Ireland m'chaka cha 2472, dziko lotukuka lolamulidwa ndi akazi. Amuna alimo koma saloledwa kukhala m'maudindo a boma. Nawo akazi apabanja saloledwa maudindo akuluakulu, amene ndi a mbeta zokha. Mlembi amene analemba ndi ukali wonse poteteza akazi anabwerera ku lamulo lomwe lija la Jane Webb la zaka 62 m'mbuyomo. Ndipo monga ku Mizora, dziko labwinoli lili ndi mdima wake: makanda obadwa ndi ulumali saloledwa kukhala ndi moyo. Maganizo oti mtundu wa anthu uyenera kupetedwa ngati chimanga anali ponseponse m'zaka zimenezo, ndipo ofuna ufulu wa akazi ambiri anawameza osatafuna.

Lady Florence Dixie, amene anakhalapo mtolankhani ku South Africa mu 1881 ndipo analankhulira Cetshwayo mfumu ya Azulu kuti abwezeredwe ufumu, anasankha chinyengo cha zovala. Mu Gloriana, la mu 1890, mtsikana akudzisandutsa mnyamata dzina lake Hector D'Estrange, akuphunzira pa sukulu ya anyamata ya Eton ndi ku yunivesite ya Oxford, akusankhidwa kukhala phungu mpaka kufika pa nduna yaikulu. Dziko lonse likumutamanda lisanadziwe kuti ndi mkazi. Mfundo yake ndi yomveka, yakuti nzeru zinalipo kale, chimene chinkasowa ndi chitseko. Koma chitsekocho chinatsegukira Hector.

Pakati pa alembi onsewa panali mmodzi amene anakhalapo pampando weniweni. Julius Vogel anali nduna yaikulu ya New Zealand m'zaka za m'ma 1870, ndipo mu 1887 anabweretsa ku Nyumba ya Malamulo ya dzikolo bilu yopatsa akazi voti, imene sinadutse. Patapita zaka ziwiri anatulutsa Anno Domini 2000. Or, Woman's Destiny. M'bukumo akazi ali m'maudindo akuluakulu popanda kuvala zachimuna, popanda kuthetsa amuna, ndipo palibe akudabwa nazo. Nduna yaikulu ya ufumu wonse wa Britain ndi Mrs Hardinge, pulezidenti wa America ndi mkazi, ndipo mtsikana wa ku New Zealand, Hilda Fitzherbert, akukwera mofulumira m'ndale. Ngati nkhani, bukuli ndi lolemera kuwerenga, ndipo Vogel naye sanapirire: mapeto a Hilda ndi kukwatiwa ndi mfumu yaikulu. Koma kunja kwa bukulo zinthu zinathamanga kuposa mmene alembi a ku London ankaganizira. Mu September 1893 New Zealand inakhala dziko loyamba lodzilamulira lokha kupatsa akazi voti pa chisankho cha aphungu, apabanja ndi osakwatiwa omwe, Amaori, eni nthaka a dzikolo, ndi azungu omwe, Vogel akadali moyo. Britain inadikira mpaka 1918, ndipo apo inangopatsa akazi a zaka 30 kupita m'tsogolo, mpaka 1928 pamene inawafananiza ndi amuna. America inafika mu 1920. Chaka cha 2000 chimene Vogel anachilemba pachikuto chitakwana, nduna yaikulu ya New Zealand inali Helen Clark, mtsogoleri wa otsutsa boma anali Jenny Shipley, ndipo mkulu wa oweruza milandu anali Sian Elias. Onse atatu anali apabanja.